Kubweza msanga ngongole ya chiwongoladzanja chokwera ndalama zikuvuta: njira iti ikupulumutsa, iti ikumiza

Sikuti ngongole iliyonse imatsika mtengo mukaibweza msanga. Ina mukaithamangira mumapulumutsa ndalama zooneka, ina mumangopatsa wokongoza ndalama zake nthawi isanakwane, inu n'kutsala opanda ufa m'nyumba. Choncho musanagulitse mbuzi kapena kupempha kwa achimwene a ku Joni, dziwani kaye mmene chiwongoladzanja cha ngongole yanuyo amachiwerengera. Njira zonse zomwe tiyerekeze pano zikudalira pamenepo.

Mitundu itatu ya kawerengedwe

Tiyeni titenge chitsanzo cha K600,000 yobweza pa miyezi 12, chiwongoladzanja 5 peresenti pamwezi. Manambalawa ndi ongophunzirira, inu muikepo a pa pepala lanu.

Wokongoza wina amawerengera chiwongoladzanja pa ndalama yomwe yatsala. Ku banki ndi ku SACCO (bungwe la mamembala losunga ndi kukongoza ndalama) amati reducing balance. Apa mumalipira pafupifupi K67,700 mwezi uliwonse, ndipo pomaliza mumakhala mutapereka pafupifupi K812,300. Chiwongoladzanja chonse ndi K212,300, koma sichigawidwa mofanana: mwezi woyamba chimakhala K30,000, mwezi womaliza sichifika K3,300. Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi mumakhala mutalipira kale pafupifupi K149,800 ya chiwongoladzanjacho, ndipo chotsala ndi K62,600 yokha.

Wina amawerengera pa ndalama yonse yomwe munatenga tsiku loyamba, ngati kuti simunabwezepo kalikonse. Imeneyi ndi flat rate. K30,000 kuchulukitsa miyezi 12 ndi K360,000, zonse pamodzi K960,000, mwezi uliwonse K80,000. Pa pepala onse awiri alemba 5 peresenti, koma ya flat rate ikufanana ndi pafupifupi 8 peresenti pamwezi ya mtundu woyamba uja. Chovuta china n'chakuti ena mwa okongoza otere amaphatikiza chiwongoladzanja chonse ku ngongole tsiku losainira, ndiye mukabwera mwezi wachisanu ndi chimodzi kuti mumalize amakuuzani kuti yatsala K480,000, pamene ndalama yeniyeni yomwe simunabweze ndi K300,000. Akavomera kuchotsa chiwongoladzanja cha miyezi yomwe simunafike, mwapulumutsa mpaka K180,000. Akakana, simunapulumutse ngakhale tambala.

Wachitatu ndi wa katapila. Uyu sawerengera chaka, amawerengera mwezi, kawirikawiri 50 peresenti, ena mpaka 100. Mukatenga K100,000 mubweza K150,000 pakutha pa mwezi. Mukamangopereka K50,000 ya pamwamba kuti akusiyeni, pakatha miyezi inayi mwapereka K200,000 koma ngongole ikadali K100,000 yomwe ija. Mukalephereratu, ambiri amaphatikiza: K150,000 imasanduka K225,000, kenako K337,500. Ngongole ya mtundu uwu siyofunika kuiganizira kawiri. Pafupifupi njira iliyonse yochokeramo ndi yotchipa kuposa kukhalamo.

Funso loti mukafunse ku ofesi ya wokongoza ndi limodzi: ndikabweretsa ndalama lero kuti nditseke ngongoleyi, ndipereke zingati? Akulembereni pa pepala, ndi tsiku lomwe nambalayo ithere mphamvu. Kenako werengani ndalama zonse zomwe mukadalipira mukadangotsatira miyezi yotsala, muchotsepo nambala yomwe akupatsaniyo. Chotsalacho ndicho phindu lenileni la kubweza msanga. Funsaninso ngati pali chindapusa cha kutseka ngongole nthawi isanakwane, chifukwa mapangano ena ali nacho ndipo chimalembedwa m'timalemba tating'ono kumapeto.

Kuwonjezera pang'ono pamwamba mwezi uliwonse

Kwa munthu wa malipiro ochepa yemwe ali ndi ngongole ya reducing balance, iyi ndiyo njira yomwe timaikonda kuposa zonse, chifukwa siifuna kugulitsa chilichonse ndipo mwezi wovuta mutha kungoilekeza osalakwira aliyense. Pa K600,000 ija, mukamawonjezera K10,000 kuyambira mwezi woyamba, ngongole imatha m'miyezi 10 m'malo mwa 12, ndipo mumapulumutsa pafupifupi K35,000.

Nthawi yowonjezerera ndiyo imalemera kuposa kuchuluka kwake. K50,000 yoponyedwa kamodzi kumapeto kwa mwezi wachiwiri imachotsa chiwongoladzanja cha pafupifupi K30,000. K50,000 yomweyo mwezi wa 10 imangochotsa pafupifupi K5,000. Ngati mwatsala ndi miyezi iwiri kapena itatu, musadzivutitse. Ndalamayo igwire ntchito ina.

Pamene pamalakwika ndi apa: mumapereka yowonjezerayo, koma wokongoza amaiika pambali ngati malipiro a mwezi wamawa operekedwa msanga, osaichotsa ku ngongole yeniyeniyo. Zikatero chiwongoladzanja chimapitiriza kuwerengedwa pa ndalama yakale. Nenani momveka kwa wolandira ndalama kuti iyi ikachepetse ngongole yeniyeni, ndipo mwezi wotsatira pemphani sitetimenti muone ngati nambala yatsika ndi ndalama yomwe munapereka. Ngati muli ndi mwezi womwe munadumpha, dziwani kuti yowonjezerayo iyamba yadyedwa ndi zindapusa ndi chiwongoladzanja chotsalira isanakhudze ngongoleyo.

Pa flat rate yomwe sachotsera, kuwonjezera kulibe ntchito. Pa katapila kuli ndi ntchito pokhapokha mwiniyo atavomera pamaso pa mboni kuti mwezi wamawa awerengera pa ndalama yotsala. Ambiri safuna kulandira ndalama zapang'onopang'ono, amafuna zonse kapena chiwongoladzanja chokha, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu.

Kutseka yonse kamodzi pogulitsa katundu

Njira iyi imapatsa mtendere wa mumtima msanga, n'chifukwa chake anthu amaithamangira. Imakhala yabwino kapena yoipa malinga ndi chomwe mwagulitsa.

Katundu yemwe sakubweretsa ndalama kapena chakudya, monga foni yachiwiri, wailesi yaikulu, njinga yomwe yangokhala, malata omwe munagula koma kumanga kukadali kutali, ndi woyenera kupita ngati ngongole ili ya katapila kapena ya 20 peresenti pamwezi. Ngakhale mutagulitsa motchipa ndi kotala, mwezi umodzi wa katapila umadya theka. Ziweto zili pakati. Mbuzi yaimuna yokula mutha kuigulitsa, makamaka nyengo ya Khirisimasi kapena Eid pamene ogula amachuluka, koma yaikazi yomwe ili ndi bere ndi mbuzi ziwiri kapena zitatu zomwe mukugulitsa pa mtengo wa imodzi.

Chimanga cha chakudya ndiye musachikhudze pokhapokha mutawerengera bwino. Aliyense amadziwa kuti mavenda amagula motchipa mu Meyi ndi Juni pamene aliyense wakolola, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale thumba lomwelo la makilogalamu 50 limakwera kwambiri. Mukagulitsa matumba anu a chakudya kuti mupulumutse K62,600 ya chiwongoladzanja chotsala chija, kenako n'kudzagula matumba omwewo pa mtengo wowirikiza, mwaluza, ndipo mwina ndalama yogulirayo mudzaitenga kwa katapila. Gulitsani chokhacho chomwe chapitirira pa chakudya cha banja mpaka kukolola kwina. Mtedza, soya, nandolo ndi fodya ndi nkhani ina, zimenezo munalimira kugulitsa, ndipo ndalama yake ikangofika ndi nthawi yabwino yotsekera ngongole isanamwazikire ku zina.

Zipangizo za ntchito zisagulitsidwe: makina osokera, njinga ya kabaza, firiji ya mafiliziz, wilibala ya woumba njerwa. Mukagulitsa zimenezi ngongole yatha, koma ndi ndalama ya mawa yomwe.

Kwa a geni pali kawerengedwe kena. Ngati mpamba wa K200,000 wa kaunjika kapena tomato umakubweretserani phindu la K40,000 pamwezi mutachotsa thiransipoti, chiphaso cha pamsika ndi zowonongeka, ndiye kuti ukubala 20 peresenti. Kuuchotsa kuti mutseke ngongole ya 5 peresenti ndi kutaya K40,000 pofuna kupulumutsa K10,000. Koma ngati ngongoleyo ndi ya 50 peresenti, geniyo mukugwirira wa katapila, ndipo ndi bwino kuichepetsa, kutseka ngongole, n'kuyambiranso pang'ono. Kumbukiraninso kuti mitengo yoodera siimadikira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, yemwe anali atasandutsa katundu wake ndalama anapeza kuti sangaodenso muyeso womwe uja, pamene yemwe anali ndi ngongole ya malipiro osasintha anapitiriza kulipira nambala yakale. Izi zimagwira pa ngongole zomwe chiwongoladzanja chake n'chokhazikika. Zambiri za ku banki zimatsatira mulingo womwe umasintha Reserve Bank of Malawi ikakweza chiwongoladzanja chake, monga momwe inachitira pochifikitsa pa 26 peresenti mu 2024, ndipo zikatero malipiro anu amakwera kapena miyezi imawonjezeka.

Kubwereka kotchipa kuti mutseke yodula

Apa ndi pomwe anthu ambiri amapulumukira, ndi pomwenso ambiri amamirira. Lamulo lake ndi losavuta kunena: ngongole yatsopano ikhale yotsika chiwongoladzanja, isatalike kuposa yakale, ndipo ndalama yonse ipite kukatseka yakaleyo tsiku lomwelo.

Tibwerere ku K600,000 ya reducing balance. Pakatha miyezi 6 yatsala pafupifupi K343,600, ndipo chiwongoladzanja chomwe chikubwera ndi K62,600. Tinene kuti mwapeza kwina kwa 3 peresenti pamwezi. Mukabweza pa miyezi 6 yomweyo, chiwongoladzanja chikhala pafupifupi K37,000, mwapulumutsa K25,600. Koma ngongole yatsopano imabwera ndi zolipira zake: ya fomu, yoyendetsera ngongole, ya inshulansi. Zikakwana 5 peresenti, ndi K17,200, ndipo phindu lanu latsala K8,400 yokha. Tsopano mukanyengeka n'kuitalikitsa kufika miyezi 12 chifukwa malipiro a pamwezi atsika kufika pa K34,500, chiwongoladzanja chikhala pafupifupi K70,600, kuposa chomwe mumathawa chija, zolipira zina zisanawerengedwe. Kutalikitsa si tchimo ngati cholinga chanu ndi kupuma, kuti ana adye ndi lendi ilipiridwe. Koma dziwani kuti mwagula mpweya, simunachepetse mtengo.

SACCO ndiyo imakhala ndi chiwongoladzanja chotsikirapo pa malo omwe munthu wamba angafike, ndipo zambiri zili pansi pa bungwe la MUSCCO lomwe lakhalapo kuyambira 1980. Vuto ndi loti si ya mwadzidzidzi. Amafuna mukhale membala kwa miyezi ingapo, mukhale ndi masheya ndi ndalama zosunga, ndipo ngongole imatengera zomwe mwasungazo, nthawi zambiri ndi anthu okuimirani. Ngati ndinu membala kale, yambirani kumeneko. Ngati simuli, lowani lero, koma musayembekezere kuti ikuchotsani mwa katapila mwezi uno.

Banki mkhonde ndi yofulumira. Magulu ambiri amaika 10 kapena 20 peresenti pamwezi, ngongole imabwezedwa m'mwezi umodzi mpaka itatu, ndipo kawirikawiri munthu amaloledwa kutenga mpaka katatu ka masheya ake. Kuchotsa K100,000 kwa katapila wa 50 peresenti kupita ku gulu la 20 peresenti kumasiya K30,000 m'thumba mwezi uliwonse, komanso gawo la chiwongoladzanjacho limabwerera kwa inu pogawana kumapeto kwa chaka. Koma kutenga ya banki mkhonde kuti mutseke ya 5 peresenti ndi kubwerera m'mbuyo, ngakhale itaoneka ya pachibale. Onaninso kalendala ya gulu. Nthawi yogawana ikayandikira, ngongole zonse zimafunika zibwerere, ndipo wolephera amadulidwa masheya, mwinanso gulu limabwera kudzanyamula katundu. Kulowa magulu atatu kuti muzitenga uku n'kubweza uku kuli ngati kukumba dzenje kuti mukwirire lina, ndipo zimaululika mu Disembala pamene onse akufuna zawo nthawi imodzi.

Ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani amakumana ndi mayesero ena, a top-up. Wokongoza yemwe amadula pa malipiro amakuimbirani kuti mwayenerera kuwonjezera. Zomwe zimachitika ndi zoti amatseka ngongole yakale ndi yatsopano yaikulu, amachotsanso zolipira zonse pa ndalama yonseyo, ndipo miyezi imayambiranso pa 1, pomwe chiwongoladzanja chimakhala chonenepa kwambiri. Ndalama yomwe imafika m'manja ndi yochepa poyerekeza ndi zaka zomwe mwawonjezera. Pali nthawi imodzi yomwe top-up imamveka: pamene ndalamayo ikukatseka katapila yemwe wagwira khadi lanu la ATM, ndipo mwaona ndi maso pa payslip kuti chotsala mukadulidwa chikwanira lendi ndi chakudya.

Ngongole za pafoni zisalowe m'gulu la zotchipa. Ndalama yomwe amadula imaoneka yochepa chifukwa nthawi yake ndi ya masiku kapena mwezi umodzi, ndipo nthawi zambiri ndi yokhazikika, kotero kubweza tsiku lachitatu kapena tsiku lomaliza mtengo ndi umodzi. Chofunika pa izi ndi kusadutsitsa tsiku.

Abale ndi chipereganyu

Ndalama ya m'bale ilibe chiwongoladzanja, koma ili ndi mtengo wake pa maliro ndi pa ukwati pamene mudzakumane musanabweze. Ngati mupempha, nenani nambala yeniyeni, tsiku lobweza ndi komwe ndalamayo idzachokere. Ndi bwinonso kuti m'baleyo atumize yekha kwa wokongoza kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kuti ndalamayo isagone m'nyumba momwe muli mavuto khumi oidikira.

Chipereganyu ndi njira yomwe anthu amaiiwala. Ngati muli m'gulu la anthu asanu loponya K40,000 aliyense, kupempha kuti musinthane ndi mnzanu mulandire mwezi uno kumakupatsani K200,000 yopanda chiwongoladzanja. Mudzaponyabe miyezi yotsalayo, choncho onetsetsani kuti ndalama yomwe mumapereka ku ngongole yotsekedwayo ndiyo ilowe m'malo.

Kukambirana ndi wokongoza

Izi sizitsitsa ngongole kwambiri, koma zimaletsa kuti isakule. Pitani tsiku lolipira lisanafike, osati atayamba kukusakani. Ku mabungwe ovomerezeka mutha kupempha kuti asinthe tsiku lolipira ligwirizane ndi tsiku la malipiro kapena la msika, kuti achotse zindapusa mukalipira zotsalira zonse, kapena kuti achepetse nambala yotsekera mukabweretsa ndalama kamodzi. Ngati pokongola anakuuzani kusungitsa ndalama ya chikole, monga amachitira mabungwe ambiri okongoza magulu, funsani ngati angaichotsere ku ngongole yotsala. Ndalamayo ndi yanu, yangokhala osabala kanthu pamene inu mukulipira chiwongoladzanja, ndipo nthawi zina ndi yokwanira kutseka miyezi iwiri yomaliza. Pa ngongole ya gulu funsaninso ngati kumaliza kwanu kukumasulani, chifukwa m'magulu ambiri mumakhalabe womangidwa mpaka mnzanu womaliza atabweza, ndipo chikole chanu chitha kudyedwa pa mlandu wa wina.

Wa katapila naye amakambika kuposa mmene anthu amaganizira, makamaka ngati wadya kale chiwongoladzanja choposa ndalama yomwe anakupatsani. Pitani ndi munthu yemwe amamulemekeza, mkulu wa mpingo, wa pa ntchito kapena nyakwawa, muonetse zonse zomwe mwapereka kale, ndipo mupemphe kuti chiwongoladzanja chiime, mubweze yeniyeniyo m'magawo awiri kapena atatu. Zomwe mwagwirizana zilembedwe, onse asaine. Malamulo a dziko lino, kudzera mu Loans Recovery Act, amapatsa khothi mphamvu younikanso pangano la ngongole ngati chiwongoladzanja chili chopyola muyeso, ndipo wokongoza wopanda chiphaso sakonda kuti nkhani ifike kumeneko. Ngati wokulakwirani ndi bungwe lovomerezeka, yambani mwadandaula kwa iwo polemba kalata, zikakanika kadandauleni ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabanki, ma SACCO ndi mabungwe okongoza ndalama zochepa.

Kusathamanga konse

Pali nthawi yomwe chanzeru ndi kungolipira mwa ndondomeko n'kusunga kotsalako. Zili choncho pa flat rate yomwe akana kuchotsera, pa ngongole yomwe yatsala miyezi yochepa, komanso pamene kutsogoloku kuli chinthu chomwe simungachizembe: fizi ya temu yotsatira, feteleza wa mu Novembala, mayi woyembekezera. Kutseka ngongole ya 5 peresenti lero n'kudzatenga ya 50 peresenti masabata atatu akubwerawa mwana atadwala ndiyo njira yomwe anthu osamala bwino amagwera nayo mwa katapila. Musanaponye kwacha iliyonse yowonjezera, patulani chakudya cha mwezi, lendi, thiransipoti yopitira ku ntchito ndi kangachepe ka chipatala. Kangachepeko kakhale komwe simungakatenge mosavuta.

Ngati ngongole ndi zingapo, lembani iliyonse ndi mtengo wake wa pamwezi pa K10,000 iliyonse: katapila K5,000, banki mkhonde K1,000 kapena K2,000, ya bungwe K500 mpaka K800. Zonse zilandire malipiro ake kuti zindapusa zisayambe, koma yowonjezera yonse ipite ku yodula kwambiri, ngakhale mwini wake si amene akukalipa kwambiri. Chosiyana ndi pamene ngongole ina yagwira chikole chomwe simungapirire kuchitaya, monga mapepala a malo kapena njinga yamoto yomwe mumadyera. Imeneyo isaphonye tsiku ngakhale itakhala yotchipa.

Tsiku lotseka

Ndalama ikapezeka, tsimikizaninso nambala yotsekera tsiku lomwelo, chifukwa pa reducing balance imasintha tsiku lililonse, ndipo K700 yotsalira yomwe simunaidziwe imatha kubala zindapusa kwa miyezi. Lipirani pa njira yosiya umboni, sungani lisiti ndi uthenga wa pafoni, ndipo pemphani kalata yonena kuti ngongole yatha. Kalatayi ndiyo idzakuthandizeni ngati dzina lanu lidzapezeke likadali pa mndandanda wa angongole ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, omwe mabanki amawafunsa asanakongoze munthu.

Odulidwa pa malipiro apititse kope la kalatayo ku ofesi yokonza malipiro, ndipo ayang'ane payslip ya miyezi iwiri yotsatira. Zimachitika kuti amadulabe kamodzi chifukwa malipiro a mwezi umenewo anali atakonzedwa kale, ndipo ndalamayo siibwera yokha osaipempha. Ngati munasaina kuti banki izidula yokha, kafafanizeni lamulolo ku banki. Tengani chikole chanu chonse tsiku lomwelo. Kwa katapila, landirani khadi la ATM, chiphaso cha unzika ndi pepala lomwe munasaina mboni ikuona, kenako pitani ku banki mukasinthe nambala yachinsinsi malipiro ena asanalowe.